Kuona Maso a Nkhono: Mbiri ya Dimba ndi Ndiwo za Kuseri kwa Nyumba

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda kufukula za makolo, ndamva kuti achinyamata ambiri a m'matauni, ngakhalenso amene ali kunja kwa dziko lino, atulukira chinthu chatsopano. Akuti munthu ukadzala ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba n'kumazithirira wekha m'mawa ndi madzulo, mtima umakhala m'malo, nkhawa zimachepa ndipo tulo sitivuta. Ena akudzala m'matumba a simenti, ena m'matayala akutha, enanso m'zitini pakhonde la nyumba yosanja. Zimene akunenazo n'zoona ndipo sindizitsutsa. Chimene ndifuna muzindikire n'chakuti njira mwaipezayo idapondedwa kale ndi agogo a agogo anu, ndipo iwo sadaiyende pofuna kupumitsa maganizo. Kudekha kumene dimba limaphunzitsa, iwo adakuphunzira galu wakuda ali pakhomo.

Kumaiko a Azungu khalidwe limeneli amalitcha mindfulness, kutanthauza kuika maganizo ako onse pa chimene ukuchita panthawiyo, osathamangira za mawa kapena kubwerera ku za dzulo. Amene adalitchukitsa m'zipatala ndi Jon Kabat-Zinn, yemwe mu 1979 adayamba kuthandiza anthu opsinjika maganizo pa sukulu ya zaudokotala ya University of Massachusetts ku America, potengera kusinkhasinkha kwa Abuda. Koma ngakhale kumeneko ubale wa khasu ndi mtendere wa mumtima udali utadziwika kale. Mu 1812 dokotala wa ku Philadelphia, Benjamin Rush, adalemba kuti odwala misala amene ankapatsidwa ntchito monga kuwaza nkhuni ndi kukumba m'munda kawirikawiri ankachira, pamene olemera, amene ulemu wawo sunkawalola kugwira ntchito zotere, ankakalambira m'chipatala. Ndipo mu 2020, mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba ku Britain ndi ku America, ogulitsa mbewu zamasamba adalephera kukwanitsa onse ofuna kugula.

Ife liwu limodzi lotere tilibe. Tili ndi mwambi: kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ili ndi maso kunsonga kwa tinyanga take tiwiri titalitali, ndipo ukangoigwedeza pang'ono imabweza tinyangato n'kulowa m'chigoba. Wofuna kuwaona masowo ayenera kunjuta, kukhala chete ndi kudikira. Tsono dzifunseni: kodi munthu woyamba kuona zimenezi adali kuti? Nkhono simuipeza pabwalo poti mbee masana dzuwa likuswa mtengo. Imakonda malo achinyontho, pansi pa masamba, m'mamawa mame asanakamuke. Ine ndimakhulupirira kuti mwambi umenewu udabadwira kudimba, kapena m'munda pakati pa mayani a maungu, m'kamwa mwa munthu wothyola ndiwo.

Ndiyambe ndasiyanitsa malo atatu amene ana a masiku ano amawaphatikiza. Munda ndi wa kumtunda, umadalira mvula ya dzinja, ndipo ndiwo umadzaza nkhokwe. Dimba limakhala kudambo kapena m'mbali mwa mtsinje, kumene nthaka imasunga chinyontho mvula italeka. Limalimidwa kuyambira mu April kapena May mpaka mvula ina itagwa, ndipo pamene chinyontho chachepa munthu amakumba kachitsime n'kumathirira. Malo achitatu alibe dzina lalikulu. Ndi kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dzala, pamene padali khola lakale, kapena pamene madzi a kubafa amatsikira. Pamenepo bonongwe ndi luni zimamera zokha, ndipo ntchito ya mayi wa pakhomo idali kuzizindikira zikadali zazing'ono kuti khasu lizilambalale. Ulimi umenewu suyamba ndi kudzala ayi, umayamba ndi kuona.

Zambiri mwa mbewu zimene timazitcha zamakolo ndi alendo amene adakhazikika. Chimanga, maungu, nyemba, mtedza, mbatata, chinangwa, tsabola, matimati ndi fodya, zonsezi kwawo n'ku America, ndipo zidayamba kuoloka nyanja pambuyo pa ulendo wa Columbus wa mu 1492. Kuno zidafika pang'onopang'ono, kudzera kwa Apwitikizi a m'chigwa cha Zambezi ndi amalonda a kugombe la nyanja yamchere. Mayina ena amaulula okha ulendowo. Mbatata ndi liwu limene tidalandira kwa Apwitikizi. Akatswiri amati chimanga ndi "cha ku Manga", ndiye kuti chochokera kugombe kapena kutsidya kwa nyanja. Ndipo David Livingstone adapeza Amang'anja akusiyanitsa thonje la manga, lobwera, ndi thonje la kaja, lakwawo. Zisanadze mbewu zimenezi, nsima idali ya mapira, mawere ndi mchewere, ndipo ndiwo zake zidali khobwe ndi masamba ake, nzama, mphonda, luni, denje, chewe ndi matherere ena a m'tchire.

Taganizirani tsono zimene zidachitika kuti dzungu la ku America lisanduke nkhwani wotendera. Padalibe mlangizi, padalibe buku. Mayi wina adalandira njere zingapo kwa mlendo, nazidzala pambali, nayamba kuziyang'anira. Adaona nthawi imene zimayanga, adalawa tsamba lanthete, adapeza kuti minga ya kumtengo wa tsambalo imachoka ukasadzula, ndipo wina pambuyo pake adathiramo nsinjiro za mtedza, womwenso udali mlendo. Chomwechonso ndi chigwada: wina adayenera kuzindikira kuti masamba a chinangwa amafuna kusinjidwa ndi kuphikidwa nthawi yaitali kuti ululu wake uthe. Khwanya, kholowa ndi chisoso zidalowa mumphika mwa njira yomweyo. Mayina a anthu amenewa sadalembedwe paliponse, koma kafukufuku wawo timamudya tsiku ndi tsiku. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumoko kamafuna mwini mudzi wodziwa kumeta.

Umboni wakale wolembedwa wa ulimi umenewu ndi wa mu 1859, pamene Livingstone adakwera mtsinje wa Shire. Iye adachita chidwi ndi khama la Amang'anja. Adafotokoza za mudzi wonse uli kumunda, abambo, amayi ndi ana, khanda litagonekedwa pamthunzi wa chitsamba, ndiponso za mbewu zamitundumitundu zimene ankalima. Mu 1861 kudabwera amishoni a UMCA motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, namanga ku Magomero. Bishopuyo, ataona minda ya anthu, adavomera kwa Livingstone kuti ku England adalonjeza kudzaphunzitsa anthu akuno ulimi, koma tsopano adaona kuti eni dziko ankaudziwa kuposa iye. Ndimaukonda mtima umenewo. Akadakhala nawo onse amene adabwera pambuyo pake, mbiri ya zaka 100 zotsatira ikadakhala ina.

Sipadapite nthawi, ulimi umenewo udayesedwa koopsa. Mu 1862 mvula idakana, pamene nkhondo za ogwira akapolo zidali zitabalalitsa kale anthu a kumapiri. Njala ya 1862 mpaka 1863 idapulula midzi, ndipo Livingstone pobwereranso kumtsinjeko kumayambiriro kwa 1863 adaona mitembo ikuyandama pa Shire. Katswiri wa mbiri yakale, Mmalawi mnzathu Elias Mandala, m'buku lake la mu 1990 lonena za chigwa cha Shire, adaonetsa kuti moyo wa kumeneko udaima pa miyendo iwiri: mphala, yomwe ndi minda ya kumtunda yodalira mvula, ndi dimba, lodalira madzi osefukira a mtsinje. Mwendo umodzi ukathyoka, anthu ankatsamira unzake. M'chaka choopsacho minda ya kumphala idauma, ndipo anthu adakhamukira m'mphepete mwa mtsinje ndi pazilumba, kumene kudali chinyontho ndi nyika, mizu ya maluwa a m'madzi imene anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amakumbabe chaka chikavuta.

Mlimi wa dimba lotere sakadatha kukhala wosasamala. Madzi akamaphwa, iye ankawatsata pambuyo, kudzala mzere uno sabata ino, mzere wina sabata yamawa, malinga ndi mmene matope aumira. Akafulumira, mbewu inkaola. Akazengereza, nthaka inkauma n'kung'aluka. Kalendala yake idali mtsinje womwewo. Ndipo mtsinjewo umasintha. Cha m'ma 1915 nyanja ya Malawi idatsika kwambiri kotero kuti mchenga ndi zomera zidatseka potulukira madzi, Shire n'kuchepa mphamvu kwa zaka pafupifupi 20; malo amene adali zithaphwi adasanduka minda. Cha m'ma 1935 nyanja itakweranso madzi adaboola, ndipo zaka zotsatira adamiza madimba ambiri a kuchigwa, pamodzi ndi minda ya thonje. Akuluakulu sadaname ponena kuti madzi saiwala khwawa.

Kumtunda nako kudali kukusintha, koma mwa njira ina. Mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa mu 1876, ndipo pakati pa anthu ake oyamba padali John Buchanan, amene ntchito yake idali ya zaminda. Mu 1878 Jonathan Duncan adabweretsa mbande za khofi kuchokera ku Edinburgh, ndipo mu 1891 Alexander Whyte adayamba munda woyeserera zomera ku Zomba. M'minda ya mishoni ndi ya Azungu ena ndi mmene anthu athu, ogwira ntchito m'menemo, adaphunzirira nazale, mabedi ndi kuwokera. Kabichi, kaloti, letesi, repu, tchayinizi: tamverani mayinawo, akukuuzani okha kumene adachokera. Ndiwo zimenezi zidakonda malo ozizira, ndipo mpaka lero woyenda pa msewu wa M1 amaona milu yake pa Lizulu, pa Tsangano ndi pa Bembeke, monganso pa Bvumbwe kum'mwera.

Sindidana ndi kabichi. Amasungika, amayenda ulendo wautali osafota, ndipo waphunzitsa ana ambiri sukulu. Chimene chidalakwika n'chakuti pamodzi ndi mbewu zatsopanozo padabwera kaganizidwe kakuti ndiwo zodzala pabedi ndi zachitukuko, pamene zomera zokha ndi zaumphawi. Mwana wopita kusukulu yogonera komweko ankadya kabichi ndi nyemba chaka chonse, ndipo pobwera kumudzi ankayamba kuchita manyazi ndi therere. Mlendo wolemekezeka akafika, mayi ankapepesa kuti "ndiwo palibe" mphika wa bonongwe uli pamoto. Chonsecho ofufuza za zakudya adapeza kuti bonongwe ndi luni zili ndi ayironi ndi vitamini A wochuluka kuposa kabichi woyera uja. Chikomekome cha nkhuyu.

Amene adayamba kulemba mwadongosolo nzeru za amayi pa nkhani ya ndiwo adali anthu a kafukufuku wa zakudya amene boma la Britain lidachititsa mu 1938 ndi 1939, motsogozedwa ndi Dr B. S. Platt. Adasankha midzi ya m'boma la Kota Kota, lomwe tsopano timati Nkhotakota, ina kumapiri, ina m'munsi mwa mapiri, ina kunyanja, ndipo ankayeza chakudya cha m'mabanja mwezi ndi mwezi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idasokoneza ntchitoyo, ndipo zolemba zake zidadzasindikizidwa mu 1992. Koma mmodzi wa iwo, Jessie Barker, amene pambuyo pake adatchedwa Jessie Williamson, sadaleke kufunsa. Mu 1955 adatulutsa buku lotchedwa Useful Plants of Nyasaland, limene lidakonzedwanso n'kutuluka mu 1975 ndi dzina lakuti Useful Plants of Malawi. M'menemo muli mayina a zomera m'zilankhulo zathu, ndi kaphikidwe kake. Dzina la pachikuto ndi lake, ndipo ulemu umuyenera. Koma aphunzitsi ake adali amayi a m'midzi amene ankamuonetsa tsamba lililonse.

Nzeru imodzi imene alendowo adaipeza ndi mfutso. Mu March ndi April, masamba a khobwe, a maungu ndi a nyemba akachuluka kuposa mmene banja lingadyere, amayi ankawathyola, kuwafutsa pang'ono m'madzi otentha, n'kuwayanika pamphasa. Akauma ankawakulunga m'masamba a msuku, kumanga ndi luzi, n'kupanga chikwatu chimene ankachipachika m'khitchini, kumene utsi unkathamangitsa tizilombo. Chikwatu chimenecho chinkamasulidwa mu September kapena October, kunja kuli gwaa, tchire litapsa. Onani kaganizidwe kake: munthu ali pakati pa zochuluka, koma maso ake akuona mwezi umene kudzakhale kopanda kanthu. Nkhanga zidapangana kusanapse. Amene amati kukhala ndi maganizo pa za lero ndiye kuiwala za mawa sadaonepo mayi akufutsa; iye amasamala tsamba limene lili m'manja mwake chifukwa chodziwa tsiku limene lidzafunike.

Kuthyola nkhwani kumene kudali sukulu. Suthyola tsamba lililonse. Umasankha lanthete, lachiwiri kapena lachitatu kuchokera kunsonga, ndipo sutsiriza mtengo umodzi, umatengako pang'ono apa, pang'ono apo, kuti dzungu lisakhumudwe. Maluwa ake ali mitundu iwiri: lachimuna limaima pa kamtengo kowonda, lachikazi lili ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake. Mtsikana wotumidwa kukathyola maluwa a ndiwo ankayenera kudziwa kusiyanitsa, ndi kusiyako ena achimuna kuti njuchi zigwire ntchito yake, apo ayi chaka chimenecho maungu kulibe. Ana tinkaletsedwa kuloza kadzungu ndi chala, ankati kafota. Kaya chala chili ndi mphamvu yotero, ndikusiyirani inu a sayansi. Chimene ndidziwa n'chakuti mwana woloza amayandikira, woyandikira amagwira, ndipo wogwira amaponda mayani. Mwambo udatchinga zonsezo ndi mawu awiri.

Ngakhale phulusa lidali ndi malamulo ake. Chidulo chophikira therere ankachicheza kuchokera ku phulusa la zitsononkho, makoko a mtedza kapena mapesi, ndipo mayi ankadziwa ndi lilime ngati chakwana. Soda wa m'sitolo adalowa m'malo mwake chifukwa ndi wachangu. Apa ndiyenera kunena chilungamo, pakuti si zonse zakale zidali zopanda banga: chidulo ndi soda, zonse ziwiri, zimaononga ena mwa mavitamini a m'masamba, ndipo kuphika ndiwo mpaka zitachita kuti phwatata kumaonjezera vutolo. Phulusa lomwelo ankasungira mbewu m'nsupa kapena m'chikho kuti anankafumbwe asalowe, ndiponso kuwaza pa masamba ogwidwa ndi nsabwe.

Mu 1949 galu wakuda adabweranso. Mvula idayamba bwino kumapeto kwa 1948, kenako idadula chimanga chili chaching'ono, ndipo madera a kum'mwera, makamaka ozungulira Blantyre monga Lunzu ndi Lirangwe, adavutika koopsa mpaka kumayambiriro kwa 1950. Megan Vaughan, amene adalemba mbiri ya njalayi mu 1987, adamvetsera nyimbo za pamtondo ndi zokumbukira za amayi okalamba. Ambiri adasimba za amuna amene adachoka kukafuna chakudya osabweranso, ndi za amayi otsala ndi ana amene adapulumukira mizu, zipatso ndi masamba a m'tchire. Mizu ina idali yaululu, yofuna kuwiritsa ndi kutaya madzi kangapo. Wodziwa adakhala ndi moyo. Pamenepo kudziwa dzina la chomera ndi kakonzedwe kake sikudali kokometsera nkhani ayi.

Boma la atsamunda lidaona njalayo ngati umboni wakuti anthu akuno akuononga nthaka, ndipo pansi pa Bwanamkubwa Geoffrey Colby lidalimbitsa malamulo amene anthu adangowatcha malimidwe. Matutu adaletsedwa, aliyense alime mizere yopingasa; milambala ikumbidwe; mbewu zidzalidwe ndi kuzulidwa pa masiku oikika; m'mphepete mwa mitsinje musalimidwe. Wolakwira ankalipitsidwa, kumangidwa, kapena kuzuliridwa mbewu. Ena mwa malamulowo adali ndi nzeru, ndipo mizere tidakhala nayo mpaka lero. Koma adabwera ndi chingwe choyezera ndi chindapusa, osafunsa munthu amene adakhala akuyang'ana dambo lomwelo zaka 40. Mkwiyo wa malimidwe udasakanikirana ndi mkwiyo wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani II ya ku Ntcheu idachotsedwa paudindo itauza anthu ake kuti asamvere malamulo a zaulimi, ndipo chaka chomwecho ku Thyolo kudabuka zipolowe zimene zidaphetsa anthu. Khasu ndi lomwelo, nthaka ndi yomweyo, koma kulima poopa mesenjala ndi kulima poona chimene nthaka ikufuna ndi ntchito ziwiri zosiyana. Yoyambayo siikhazika mtima wa munthu pansi.

Ufulu utabwera mu 1964, ulimi udakwezedwa kwambiri. Dr Kamuzu Banda ankatchedwa Mchikumbe Nambala Wani, ndipo chaka ndi chaka ankayendera minda. Koma maso a dziko adali pa chimanga, fodya, mtedza ndi thonje, mbewu zopita pa sikelo ya ADMARC, imene idakhazikitsidwa mu 1971. Bonongwe sankakwera sikelo, choncho m'mabuku a boma adali ngati kulibe. Alangizi ankalimbikitsa munda wa chimanga chokhachokha, waukhondo, ndipo maungu, khobwe ndi zomera zokha zija zidayamba kuoneka ngati zodetsa munda. M'sukulu za pulayimale ulimi udali phunziro, ndipo sukulu zambiri zidali ndi dimba lake. Ana amene adapatsidwa bedi lawolawo, kuti alisamale kuyambira kufesa mpaka kukolola, ambiri adakula akukonda nthaka. Ndidawaona akuthamangira kumabedi awo belu lisanalire kuti akaone ngati mpiru wamera. Koma m'malo ambiri khasu lidasanduka chibalo. Wochedwa, kalime; wolongolola m'kalasi, kathirire. Mwana wotero akakula n'kupeza ntchito ya muofesi, amalumbira kuti sadzagwiranso mpini, ndipo ena mwa makolo anu, adzukulu anga, ndi a mbadwo umenewo. N'chifukwa chake inu mukuchita kutulukira chimene chikadakhala cholowa chanu.

Chidakumbutsa dziko za dimba ndi njala ya 2001 mpaka 2002. Mu February 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu adadya madeya, mizu ya nthochi ndi chimanga chosakhwima, ndipo m'midzi yambiri maungu oyamba ndiwo adadzutsa ana amene adali atafooka. Pambuyo pake boma ndi mabungwe adayamba kugawa mbewu ndi feteleza za ulimi wa m'chilimwe, pamodzi ndi mapampu opondaponda, makamaka njala itabweranso mu 2005. Mawu akuti ulimi wamthirira adamveka pa wailesi tsiku lililonse. Anthu adayambanso kupita ku Dowa kukaona Tikondwe Freedom Gardens, munda umene Dr Glyvyns Chinkhuntha adauyamba mu 1982 pa kamalo kakang'ono ka lowe kamene ena adakaona ngati kopanda ntchito. Iye adayendetsa madzi m'ngalande potsata kutsetsereka kwa malo, popanda injini, nadyetsa nthaka ndi manyowa m'malo mwa feteleza wogula. Alendo ankadabwa ndi zokolola. Chodabwitsa chenicheni chidali zaka zimene adatha akuphunzira kumene madzi a pamalopo amafuna kupita.

Walira mvula walira matope. Dimba litasanduka bizinesi, changu chidalowamo. Anthu adalima mpaka m'milomo ya mitsinje, nadula bango ndi mitengo imene inkagwira gombe. Madzi osefukira, monga a namondwe Freddy mu March 2023, adapeza pokokolola posavuta. Madambo ena amene kale ankasunga chinyontho mpaka October tsopano amauma msanga, ena m'matauni adamangidwapo nyumba. Ndipo pali alimi ena amene amapopera mankhwala matimati lero n'kukagulitsa mawa, osadikira masiku olembedwa pabotolo. Sindiwaweruza mopepuka, pakuti fizi ya mwana siidikira. Ndingoti dimba pa lokha si mankhwala a mtima. Munthu angathe kukhala pakati pa mabedi 50 mtima uli piringupiringu ngati ali pa depoti ya basi.

Pamenepa m'pamene kadimba ka kuseri kwa nyumba kamaposera. N'kakang'ono, kotero ungathe kudziwa chomera chilichonse. Sukathira mankhwala mwachisawawa chifukwa odya ndi ana ako. Kamakukakamiza kutuluka m'mawa uliwonse, foni itatsala m'nyumba popeza manja ali ndi ndowa, ndipo m'kuthirira momwemo umaona kuti tsamba ili lapindika, kunsi kwake kuli nsabwe. Kuti nthaka ya apa yauma msanga, ikufuna kuphimbira ndi udzu. Kuti kambewu kamene sudadzale kamera pakona, ndipo uyenera kudikira masamba ena awiri kuti udziwe ngati ndi bonongwe, chisoso, mwamunaaligone kapena udzu wamba. Za dzina la mwamunaaligone musandifunse pagulu. Kafunseni agogo anu aakazi, adzakuuzani akuseka.

Inu amene muli ku Johannesburg, kumbukirani kuti chisanu cha June ndi July kumeneko chimapha maungu, choncho dikirani September. Inu a ku Britain, nyengo yanu ndi yaifupi: mbande za maungu zimatuluka panja kumapeto kwa May chisanu chitatha, ndipo pofika October zatha. Kumeneko makhonsolo amabwereketsa timinda ting'onoting'ono, ngakhale kuti m'mizinda yambiri pamzere wodikira pamakhala anthu ochuluka. Musavutike kuzembetsa mbewu m'masutikesi, malamulo a maikowo salola. Dzungu lililonse la komweko lili ndi masamba, ndipo aneba anu Achingerezi, amene amadya chipatso chokha, adzadabwa kukuonani mukusadzula. Mukachulukitsa, futsani monga ankachitira makolo. Masamba a msuku kulibe, koma botolo louma lotseka bwino limagwira ntchito ya chikwatu.

Kwa inu amene muli kuno kumudzi kapena m'matauni athu, mbewu za ndiwo zamakolo kawirikawiri sizipezeka m'mapaketi. Kale mbewu zotere sankagula, ankapempha, ndipo wopatsidwa ankabweza mbale ya ndiwo zoyamba. Pitani kwa azakhali anu kapena kwa mayi wokalamba wa pamsika amene amagulitsa luni, mupemphe kuti akusungireni njere. Za bonongwe n'zazing'ono kwambiri. Sakanizani ndi mchenga pofesa kuti zisaunjikane, ndipo musazikwirire mozama. Za luni zili ndi khalidwe lake: zongokolola kumene sizimera bwino, zimafuna kugona miyezi ingapo pouma zisanafesedwe. Mukafesa zatsopano n'kuona bedi lili mbee sabata yoyamba ndi yachiwiri, musafulumire kulitembenuza kuti mudzalepo repu. Pitirizani kuthirira pang'onopang'ono, ndipo njere zina mwasungazo muzisiye m'botolo mpaka mvula yoyamba.